Kuseri kwa Kabati ya a Msukwa

A Stefano Msukwa ndinawadziwa chaka chimene amuna anga anatumizidwa kudzagwira ntchito pa chipatala chaching'ono kuno ku Misuku. Ife kwathu ndi ku Ntcheu. Tsiku limene lole inatitsitsa m'mapiri muno ndinalira, chifukwa msewu wokhotakhota uja unali utandisanzitsa njira yonse, ndipo nkhungu inali itaphimba ngakhale nyumba imene ankati ndi yathu. Ndinalumbira kuti sindikhalako mwezi. Lero ana anga amayankhula Chisukwa kuposa Chichewa, ndipo ine ndidakali pa windo la kopaletivu ya alimi a khofi, kulandira anthu ndi kuwakalipira akadumpha mzere.

Pa kopaletivu imeneyi a Msukwa ndiwo anali akauntanti. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wovala jekete ndi sikafu ngakhale dzuwa liswe mtengo, pensulo ili pakhutu. Anabadwira konkuno. Bambo awo anapita ku migodi ya ku Zambia osabwerako, ndiye anakula ndi mayi awo okha, amene ankawatchula pafupifupi tsiku lililonse. Ali mnyamata anatsikira ku Karonga kukagwira ntchito m'sitolo, n'kuphunzirako kusunga mabuku. Dipuloma yawo anaipeza pophunzira kudzera pa positi, ndipo inali pakhoma la ofesi, itachita chikasu. Ankati anabwerera kumudzi chifukwa kutentha kwa ku Karonga kumasungunula nzeru.

Kuyamikira munthu sankadziwa. Ukalakwitsa, ankakufotokozera bwinobwino mpaka utadziona kupusa. Ukakhoza, ankangoti "Hm," basi. Ine poyamba ndinkapsa nazo mtima, koma pambuyo pake ndinayamba kumuyembekezera "Hm" ameneyo ngati malipiro a kutha kwa mwezi.

Akazi awo, mayi Lines, anamwalira ife tisanafike. Ana aakazi anakwatiwa kutali. Wamwamuna anali mmodzi, Wongani, mnyamata wosekaseka amene za mabuku sankafuna n'kumva komwe. Iye zake zinali njinga yamoto, kunyamula anthu kupita nawo ku boma. Ndi pa maulendo amenewo pamene anakumana ndi Rhoda Kaonga wa ku Wenya, mtsikana wamasiye amene bambo ake anamusiya ali wamng'ono. Anakwatirana, nabereka mwana wamkazi, Uchizi. Mwanayo atangoyamba kuyenda, njinga ya Wongani inatererera m'chigwa nthawi ya dzinja, ndipo anthu anakamutenga ali chete.

Rhoda sanabwerere ku Wenya. Anakhalabe m'nyumba ya mwamuna wake, kumunsi kwa munda wa khofi, a Msukwa ali kumtunda.

Kwathu nakonso timaopana ndi apongozi, koma za kuno ndi zina. M'banja la a Msukwa, mkazi wa mwana wako, amene amamutcha mkamwana, sayang'anana nawe, sayankhula nawe, ndipo dzina lako salitchula. Rhoda akamva ndodo ya apongozi ake m'njira, ankapatukira m'mitengo ya khofi, n'kugwada chofulatira, chitenje chili kumutu, mpaka adutse. Iwonso ankayamba kutsokomola ali kutali kuti amupatse mpata. Mawu a Rhoda ankangowamvera m'kwaya kutchalitchi. Uthenga uliwonse unkadzera mwa alongo awo a Msukwa, mayi Eunice, kapena mwa munthu wina aliyense amene wapezeka pafupi. Ine ndinkaona ngati nkhanza, ndipo ndinanenapo kangapo, poti pakamwa panga sipakhala chivindikiro. Mayi Eunice anangondiseka, n'kunena kuti ulemu wa eni mlendo amauona ngati chilango.

Amene ankayenda momasuka pakati pa nyumba ziwirizo anali Uchizi. Agogo ake ankamukonda mochititsa manyazi. Mano ake achikulire atamera, panatsala kampata pakati pa awiri akutsogolo, ndipo a Msukwa ankaitana aliyense wobwera mu ofesi kuti aone. "Seka, mama, aone. Mwauona mpata uwo? Ngwa amama ŵane. Wadumpha ine, wadumpha Wongani, wadzagwera apa. Magazi satayika." Ine ndinkaudziwa bwino kumene mpatawo unachokera, chifukwa Rhoda ndinkaseka naye pa chigayo. Koma ndani akanawalanda nkhalambawo mayi awo kachiwiri? Tonse tinkangovomera.

Ndi a Msukwa omwewo amene anatuma mayi Eunice kukauza Rhoda kuti mutu wake usamangosenza nkhuni. Rhoda analembanso mayeso a Fomu 4, anakhoza, n'kupeza malo ku yunivesite, maphunziro a zachuma, aja ophunzira uli kwanu n'kumapita kusukulu masabata owerengeka. Akachoka, Uchizi ankagona kwa mayi Eunice, n'kumadya kwa agogo ake.

Chaka chomaliza chinabwera ndi chimene ophunzira amati atachimenti. Wophunzira amakagwira ntchito miyezi ingapo pansi pa akauntanti wa mapepala ake, ndipo pamapeto pake amapatsidwa malikisi monga a phunziro lina lililonse. Popanda malikisi amenewo, digiri palibe. Anzake a Rhoda anapeza malo m'mabanki ndi m'makampani a m'tauni. Iye sakanatha kusiya mwana ndi munda miyezi yonseyo, ndipo kuno kumapiri akauntanti wa mapepala analipo mmodzi yekha. A ku yunivesite anauzidwa za chibalecho, ndipo anavomera, koma anati mphunzitsi wawo adzabwera kudzadzionera yekha.

Lolemba limene Rhoda anayamba, ndinapeza ofesi itasintha. A Msukwa anali atauza amuna a ku sitolo ya matumba kuti akokere kabati yaikulu yachitsulo, yosungira mafayilo, pakati penipeni pa chipinda. Mbali ino tebulo lawo ndi windo langa. Kuseri kwake katebulo ka Rhoda, ndipo iye ankalowera khomo la kumbuyo, kudzera m'matumba a khofi. Mpando wanga anauika pothera kabatiyo, pamene ndinkaona onse awiri.

"Amama Chrissy," anatero a Msukwa, maso ali pa khoma, "muwauze anyina Uchizi, mayi a mwanayo, kuti lero ayambe n'kufananitsa zimene zili m'mabuku athu ndi zimene yanena banki. Chimene chili uku koma kulibe uko, achilembe pachokha."

Rhoda anali pamtunda woti akhoza kumva ngakhale kupuma kwawo. Komabe ndinatembenuka n'kubwereza. Iye anandinong'oneza kuti wamva, ndipo ndinatembenukanso n'kunena kuti amva.

Ndi mmene tinagwirira ntchito nyengo yonse yothyola khofi. Ine, mayi wa ana anayi, ndinasanduka foni. Khosi linkandiwawa. Rhoda akalakwitsa, wokalipiridwa ndinali ine, chala chili pamphuno panga, ine wosadziwa n'komwe kuti nkhani yake ndi yotani. Akakhoza, "Hm" uja ankabwera kwa ine, ndipo ndinkamupititsa kuseri mokhulupirika. Tsiku lina ndinatopa, ndinati, "Akuluakulu, nonse muli ndi makutu, bwanji osangoyankhulana ine ndikamwe tiyi?" Rhoda anaweramira pa tebulo, a Msukwa anayamba kusongola pensulo yosongoka kale. Sindinabwerezenso.

Koma ndinkaona zinthu. M'mawa wozizira, pamwamba pa kabati pankapezeka mbatata yootcha yokulunga m'pepala, ndipo a Msukwa ankauza khoma kuti sakudziwa amene waiiwala pamenepo. Masana pamalo pomwepo pankakhala kapu ya tiyi wa mandimu, wa chifuwa chawo chija. Nkhalamba imene inkati kompyuta ndi ya anthu aulesi inayamba kundituma kukafunsa ngati makina a anyina Uchizi angaonetse bajeti ya chaka chamawa mtengo wa feteleza utakweranso. Ndinkanyamula laputopu kuzungulira kabati, iwo n'kuyang'anitsitsa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Ndipo anayamba kuphunzitsa zinthu zimene sanaphunzitsepo munthu: mmene ungadziwire mlimi amene watenga ngongole mokakamizidwa ndi achibale, chifukwa chake sulonjeza alimi mtengo khofi asanagulitsidwe, ndi mmene ungakanire wapampando popanda kumuchotsa ulemu. Ankayankhula ndi ine, koma mawuwo sanali anga. Anali mawu amene anasungira Wongani zaka zonse, Wonganiyo ali kalikiliki ndi njinga.

Mphunzitsi wa ku yunivesite anafika kumapeto kwa nyengoyo, atachita fumbi mpaka m'nsidze. Anali bambo Rodwell Chikhumbo, wa ku Zomba, munthu waulemu wake. Anaona ntchito ya Rhoda pa laputopu n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako anati tsopano akhale pansi atatu, woyang'anira afunse mafunso, wophunzira ayankhe, iye amvetsere, ndipo malikisi aperekedwe pomwepo.

Tinachita monga mwa masiku onse. A Msukwa anandifunsa funso, ine ndinalipititsa, Rhoda anandinong'oneza yankho, ine ndinalibweza, nditalipinda pang'ono poti mawu ena a sukulu amandikanika. Bambo Chikhumbo anapirira mafunso awiri, kenako anatseka cholembera.

"Pepani, bambo," anatero. "Mwambo wanu ndikuulemekeza. Koma apa ndikuyesa mayi awa, osati Rhoda. Anzanga kuntchito akudziwa kuti ndinu apongozi ake, n'chifukwa chake ndabwera ndekha. Ndiyenera kukanena kuti ndinamumva ndi makutu anga akukuyankhani. Popanda zimenezo, adzabwereze chaka chamawa kwina."

Anati akupita ku boma kukaona wophunzira wina, ndipo adzadutsanso mawa lake masana. Galimoto yake isanathe n'kutembenuka komwe, Rhoda anali atatuluka khomo la kumbuyo.

Ndinamupeza kuseri kwa matebulo oyanikira khofi, atakhala pansi. Ndinapita ndi ukali wanga wonse. Ndinamufunsa ngati zaka zonse za sukulu azitaye chifukwa cha ola limodzi lokhala pa tebulo.

"Amama Chrissy, imwe simukumva," anatero. "Mkamwana amasiya kuopa apongozi tsiku limene amumasula. Akuti pita, sulinso wathu, ukakwatiwe kwina. Tsiku lomwelo ndimanga katundu kubwerera ku Wenya, ndipo Uchizi ngwa kuno, atsala. Ndikagwada m'khofi muja, ndimadziwa kuti ndidakali muka Wongani, mkazi wake. Chatsala n'chimenecho basi."

Ndinakhala naye pansi, tikuyang'ana amayi akutembenuza khofi pa matebulo.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinakwera kwa a Msukwa. Ndinawapeza m'munda, pa mizere imene anabzala Wongani, akuthyola zipatso zofiira zotsalira n'kumaziika m'thumba la jekete. Ndinawauza zimene Rhoda ananena. Anamvetsera osatembenuka.

"Akunena zoona," anatero. "Ndikamuyang'ana kumaso, ndavomera kuti mwana wanga kulibe, ndipo nyumba ija ndi ya mlendo. Ine ndikatsokomola m'njira, iye n'kupatuka, ndimamva ngati Wongani wangopita ku boma, abwera."

"Nanga digiri?"

Anangonditumiza kuti ndikaitane mayi Eunice, ndipo atafika anandithokoza kuti yewo, n'kunena kuti ndingapite. Ndinatsika phirilo nditakwiyira onse: nkhalambayo, mwambo wake, yunivesite, ngakhale njinga yamoto ija.

Kutacha, kwa nthawi yoyamba chiyambire ine ntchito, a Msukwa anachedwa. Rhoda anabwera, maso atatupa, n'kukhala kuseri kwa kabati kumalongedza zinthu zake. Bambo Chikhumbo anafika masana monga analonjeza, ndipo ndinawapatsa tiyi ndi nthochi, ndikunama kuti akulu akubwera pompano. Kenako tinamva ndodo pakhonde, koma chitsokomolo sichinamveke.

Analowa atavala suti ya kutchalitchi, thadzi lakuda lili kukhwapa, mayi Eunice ali pambuyo atagwira dzanja la Uchizi. Anapereka moni kwa mlendo, "Mwaghona," n'kupempha kuti adikire pang'ono, pali za m'banja. Anaima patsogolo pa kabati, ndipo sanayang'ane kwa ine.

"Mkamwana wanga sindingamuyang'ane," anatero, akuuza chitsulocho. "Sindinamuyang'anepo ndipo sindidzamuyang'ana. Kumumasula sindimumasula, nyumba ija njake mpaka imfa. Koma ine ndinali ndi mwana, ndipo malo ake ali opanda munthu. Kuseri uko kuli mwana amene analibe wiske, bambo wake, kuyambira ali wamng'ono. Eunice ndi mboni. Mwana wako umamuyang'ana, umamukalipira, umadya naye."

Nkhuku ija inaphupha kukhwapa.

"Rhoda," anatero. Dzinalo linatuluka movutikira, poti linali lachilendo pakamwa pawo. "Rhoda, mwana wane, tuluka. Adada ŵako akukuitana."

Sindikudziwa ngati mwambo umenewu ulipo m'mabanja ena, kapena anaupanga ndi alongo awo dzulo lake lomwelo. Sindinafunse, ndipo amene anafunsapo mayi Eunice anayankhidwa kuti za m'nyumba mwa eni n'za eni. Chimene ndikudziwa n'chakuti Rhoda sanatuluke kuseri kwa kabati mpaka mayi Eunice anapitako. Anatuluka naye akuyenda ndi maondo, chitenje chili kumutu. Mayi Eunice anamuvundukula. Rhoda analandira nkhuku ija ndi manja awiri, maso ali pansi, misozi ikugwera pa nthenga.

"Ndagha, adada," anathokoza, mawu ake ali aang'ono kwambiri.

Ine ndinali nditayamba kale kulira, ndipo sindichita nazo manyazi. Bambo Chikhumbo anapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane pa windo.

Nkhuku anandipatsa ine kuti ndigwire, poti ntchito ya foni inali itandithera. Anakhala pa tebulo atatu. Aliyense amene ankaganiza kuti nkhalambayo ifewa analemba m'madzi. Anamupanikiza mwanayo ndi mafunso ngati wakuba nkhuku. Poyamba Rhoda ankayankha akuyang'ana tebulo, koma atafika pa bajeti ija anaiwala mantha, n'kuyamba kufotokoza ndi manja omwe. Pena anawatsutsa, n'kunena kuti njira yawo yosungira malisiti a alimi ndi yochedwetsa ntchito. Ine ndinafinya nkhuku ija mpaka inalira. A Msukwa anaika pensulo pakhutu.

"Hm," anatero.

Bambo Chikhumbo anafunsa kuti monga woyang'anira akumupatsa malikisi otani. Iwo anati wakhoza bwino, koma onse sapereka, chifukwa manambala ake a pamanja amapendama ngati mitengo ya pa phiri, ndipo munthu amene wapatsidwa zonse amasiya kuphunzira.

Pamenepo Rhoda analephera kudzigwira. Anadzutsa mutu n'kuseka, misozi idakali m'masaya, kuseka kwake kuja kwa pa chigayo kumene ine ndinkakudziwa, kampata ka m'mano ake kali poyera. A Msukwa anamuyang'ana, kenako anavula magalasi, kuwapukuta pa sikafu, n'kuwavalanso. Anayang'ana Uchizi, amene anali atatsamira pa bondo lawo, akusekerera poona mayi ake akuseka. Anabwereranso kwa Rhoda.

"Eunice," anatero pang'onopang'ono, "mpata uwu."

"Tinkadziwa tonse, achimwene," anayankha mayi Eunice.

Ndinaopa kuti akhumudwa, poti mayi awo aja anali atawachoka pamaso pa anthu. Anakhala akuyang'ana awiriwo, wamkulu ndi wamng'ono. Kenako anaika dzanja pamutu pa Uchizi.

"Zaka zonsezi ndimauza anthu kuti ngwa m'banja mwathu," anatero. "Ndiye sindinaname."

Madzulo ake amuna a ku sitolo ya matumba anabwera kudzakankhira kabati ija kukhoma. Pansi panatsala chizindikiro cha dzimbiri chimene mpaka lero chikukana kuchoka ngakhale ndikolope bwanji. Ndinatseka windo langa, ndipo ndili pakhonde ndinawaona akukwera kanjira ka m'khofi, a Msukwa patsogolo ndi ndodo yawo, Uchizi pakati, Rhoda pambuyo atanyamula nkhuku. Atafika pokhota paja nkhalambayo inatsokomola mwachizolowezi, ndipo Rhoda anaponda phazi limodzi m'mbali mwa njira. Iwo anaima n'kumudikira mpaka anabwerera m'njiramo.